Makapusozi a sea buckthorn kwa mayi omwe ali pa warfarin

Wa famase, Lilongwe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mayi ena amatenga warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, pano, anawaika valavu yachitsulo mumtima. Lero abwera akudandaula kamfuno, komanso nkhama zikutuluka magazi akamatsuka mano. INR, muyeso wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ya sabata yatha ndi 2.9, ili m'malire mwake. Nditafunsitsa atulutsa m'chikwama botolo la makapusozi ofiirira, akuti anawabweretsera mwana wawo amene amakaoda katundu ku China. Palembedwa sea buckthorn oil, ndipo lebulo ikuti amachiza zilonda zam'mimba, shuga, BP, khungu, zonse. Iwo akuti chiyambire kumwa thupi lapepuka. Ndiwauze chiyani? INR ili bwino, ndiye ndikusowa pogwira.

Namwino, Zomba: Aletseni basi achimwene. Zitsamba ndi warfarin sizimwerana madzi.

Wa famase, Lilongwe: Kuletsa ndiletsa achemwali, koma mayiwa ndi aphunzitsi opuma, afuna chifukwa. Ndikangoti siyani, akamwera kuchipinda.

Wa famase, Blantyre: Musanapite patali, tembenuzani botololo muone dzina la Chilatini. Ngati palembedwa Hippophae rhamnoides, ndiye sea buckthorn weniweni. Koma pali buckthorn wina, Rhamnus kapena Frangula, chomera china kotheratu, chotsegulitsa m'mimba. Chimenecho munthu akamamwa nthawi yaitali potassium amatsika, ndipo odwala mtima ambiri amakhalanso pa furosemide, wochotsa madzi m'thupi, ndi digoxin, wothandiza kugunda kwa mtima. Pamenepo nkhani ingakhale ina.

Wa famase, Lilongwe: Ndi Hippophae rhamnoides. Ali pa furosemide, digoxin ayi. M'mimba simukutsegula.

Mdala wopuma pa ntchito, Mzuzu: Ana anga, chomerachi musachinyoze pamaso pa wodwalayo, chifukwa si chabodza. Ndi chitsamba chaminga cha kumalo ozizira, chimabala tizipatso tachikasu towawasa kwambiri. Ku Tibet amachitcha star bu, ndipo chili m'buku lawo lalikulu la mankhwala, Gyud Zhi, limene asing'anga awo amaphunzira mpaka lero. Ku Mongolia ndi chatsargana, amalima kwambiri m'chigawo cha Uvs. Kumeneko ena amadikira chisanu chiumitse zipatso kuti gwa, kenako n'kugwedeza nthambi, chifukwa kuthyola ndi manja mingayo siikusiya. Dziko la China linachilowetsa m'buku la boma la mankhwala mu 1977. Ntchito zake zakale ndi chifuwa, kuchotsa makhololo, kugaya chakudya, ndi chimene iwo amati kuyendetsa magazi ouma. Chomalizachi ndicho chiyenera kukuimitsani khutu. Asing'anga a kumapiri aja ankachipereka pofuna kuti magazi asaundane. Inu muli ndi munthu amene magazi ake mwawasungunula kale.

Clinical officer, Mangochi: Madala anena zoona, ndiwonjezere pang'ono. INR ija ikukupusitsani. INR imayeza njira ya vitamin K, imene warfarin amaitseka. Ma platelet, timaselo ta m'magazi timene timamatana kuti magazi aleke kutuluka, siiwaona. Ku Finland m'chaka cha 2000 anachita kafukufuku wamng'ono, amuna athanzi 12, mafuta a zipatsozi magalamu 5 patsiku kwa milungu inayi, ndipo kumatana kwa ma platelet kunachepa. Anthu 12 ndi ochepa, sitingamangirepo nyumba. Koma kwa munthu wa valavu yachitsulo amene wayamba kale kutuluka magazi, ine sindidikira kafukufuku wamkulu. N'chimodzimodzi ndi aspirin: INR imakhala yokongola, munthu akukha magazi.

Namwino, Zomba: Mwatchula aspirin, afunseninso za brufen ndi diclofenac. Amayi a msinkhu umenewo mawondo amavuta, amagula pa okala ndipo sawerengera kuti ndi mankhwala.

Wa famase, Lilongwe: Ndawaimbira. Akuti diclofenac amamwa mwa apo ndi apo, msana ukawawa. Ndiye tsopano wolakwa ndani?

Clinical officer, Mangochi: Mwina onse awiri, ndipo pa awiriwo diclofenac ndiye wodziwika bwino pa mlandu umenewu. Zonse zichoke. Msana apatseni panado, osapyola muyeso. Warfarin asasiye ngakhale tsiku limodzi, valavu ingagwire magazi oundana n'kuchita sitiroko. Abwerere ku kiliniki yawo ya mtima mawa, akayezetse FBC, kuwerenga maselo a m'magazi, tione Hb, kuchuluka kwa magazi, ndi ma platelet, INR abwerezenso. Akaona chimbudzi chakuda, magazi mumkodzo, mutu wowawa modabwitsa kapena kamfuno wosaleka, asadikire mawalo.

Wa famase, Blantyre: Za lebulo ija ndinenepo, poti zimandinyansa. Ambiri amalemba kuti mafutawa ali ndi vitamin C wochuluka. Chipatsocho inde, ali nayedi wambiri. Koma vitamin C amasungunuka m'madzi, m'mafuta satsalamo. Ngati mayiwo akufuna vitamin C, magwafa ndi malambe zili pa msika. M'mafutamo muli ma carotenoid, amene amapereka mtundu uja, vitamin E, ndi palmitoleic acid amene amalonda amamutcha omega-7. Ameneyu ndi wa m'mafuta a mnofu wa chipatso. Mafuta a njere ndi otuwirako, ali ndi linoleic ndi alpha-linolenic acid. Ku Russia mafutawa akhala akupakidwa pa zilonda zamoto kuyambira nthawi ya Soviet Union, ndipo ku Finland komweko mu 2010 anapeza kuti magalamu 2 patsiku amachepetsako kufiira ndi kuyaka kwa maso ouma. Za kuchiza shuga ndi BP ndi malonda chabe.

Mdala wopuma pa ntchito, Mzuzu: Ndipo mwana amene anagula uja musamuchititse manyazi. Anataya ndalama zake pofuna kuthandiza mayi ake. Muitaneni, mumufotokozere limodzi, apo ayi ulendo wotsatira abweretsa botolo lina la dzina lina.

Wa famase, Lilongwe: Zikomo nonse. Botolo alisiya pano, ndalemba kakalata kopita nako ku kiliniki, ndatchulamo makapusozi ndi diclofenac. Fomu ya PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi, ya zotsatira zoipa za mankhwala ndidzaze, ngakhale chinthucho chinalowa m'chikwama cha munthu?

Wa famase, Blantyre: Dzazani. Lembani zonse zitatu, warfarin, diclofenac ndi makapusoziwo, ndi batch number ngati ilipo. Mujambulenso lebulo mbali zonse musanawabwezere botololo.