Chonde ndithandizeni nzeru: database ya app ya banki mkhonde, mafoni awiri opanda netiweki

Moni akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndine mtsikana wa chaka chachinayi ku yunivesite, ndikuchita Computer Science, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale komanso amene za data ndi ntchito yanu.

Pulojekiti yanga yomalizira ndi app ya banki mkhonde. Mukudziwa mmene amayi amachitira, amakumana sabata iliyonse, aliyense amagula masheya, amaponya ya chadzidzidzi, wobwereka amabweza ndi chiwongoladzanja, wochedwa amalipira chindapusa, kenako chaka chikatha kugawana. Zonsezi mlembi amalemba mu kope, ndipo kope likanyowa kapena tsamba limodzi likathothoka ndiye tsiku logawana pamakhala mkangano woti anthu osalankhulana. Nde ine ndikufuna mlembi ndi msungichuma azilemba pa foni, zikatero zizipita ku seva.

ER diagram (chithunzi cha ma table ndi mmene akulumikizirana) ndinajambula kale, ndili ndi ma table a gulu, membala, msonkhano, sheya, ngongole ndi kubweza, ndawafikitsa pa 3NF (kuwakonza kuti data isamabwerezedwe) ngati mmene tinaphunzirira mkalasi. Koma anzanga akundiuza kuti ndikudzivutitsa ndi ma join (kulumikiza ma table pofufuza data), akuti ndingotenga MongoDB, database yosagwiritsa ntchito ma table, ndiike zonse za membala mu document imodzi basi, akuti SQL, chiyankhulo cha ma database a ma table, ndi zachikale poti Codd, amene anayambitsa njira imeneyi, analemba zimenezi mu 1970. Chikundisowetsa tulo kwambiri ndi ichi: kumudzi netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndiye mafoni awiri aja azilemba opanda intaneti mwina masiku angapo. Tiyerekeze mayi ali ndi ngongole ya K50,000, wabweza K10,000 kwa mlembi pa msonkhano, madzulo wakasiyanso K5,000 kwa msungichuma kunyumba. Foni ina ikuti yatsala K40,000, ina ikuti K45,000, pomwe zoona zake ndi K35,000. Zikafika ku seva ipambane iti? CAP theorem, mfundo ya zomwe zimachitika ndi data ya pa makina angapo netiweki ikaduka, ndinailoweza bwinobwino pa mayeso koma pano ndikusowa poyambira. Ndipite ndi database iti, nanga sync (kufananitsa data ya mafoni ndi ya seva) ndiipange bwanji kuti ndalama za anthu zisasowe?

Yankho loyamba:
Mchemwali wanga, vuto silili pa kusankha database ayi, lili pa column ya balance, imene ikusunga ngongole yotsala. Ichotse. Usamasunge kuti ngongole yatsala zingati, uzisunga zomwe zachitika. Kubweza kulikonse kukhale mzere wake watsopano, K10,000 mzere wake, K5,000 mzere wake, ndipo mzere ukalembedwa osaukonzanso osaufufuta. Mafoni aja akapeza netiweki aliyense angotumiza mizere yake, seva iphatikiza, yotsala ija ituluka yokha ndi SUM, K35,000. Palibe woti apambane chifukwa palibe amene walemba pamwamba pa mnzake. Mlembi akalakwitsa, alembe mzere wina wobwezera wolakwikawo, ngati mmene amachitira a accounts. Komanso chonde ndalama usaziike mu FLOAT, mtundu wa nambala umene susunga ma decimal ndendende, tsegula Python ulembe 0.1 + 0.2 uone, ikupatsa 0.30000000000000004. Gwiritsa NUMERIC kapena uzisunga matambala ngati integer.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi achimwene pamwambapa, ndingoonjezerapo za primary key, nambala yozindikiritsa mzere uliwonse. Ukasiya auto increment, yoti database izipereka yokha manambala motsatizana, foni ya mlembi ipanga mzere nambala 15 ndipo ya msungichuma ipanganso nambala 15, ku seva ziwombana. Foni izipanga yokha UUID, nambala yaitali yosafanana ndi ya foni ina. Ubwino wina ndi uwu, netiweki ikaduka pakati foni isanalandire yankho loti zafika, itumizanso kachiwiri, ndiye seva ikaona UUID yomweyo ingoidumpha, mu database ya PostgreSQL ndi ON CONFLICT DO NOTHING basi. Popanda zimenezo mayi aja aoneka ngati abweza kawiri. Ndipo usadalire nthawi ya pa foni pofuna kudziwa chinayamba ndi chiti, mafoni ambiri wotchi yake imakhala yolakwika makamaka batire ikatheratu.

Yankho lachitatu:
Ine MongoDB ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo siyoipa, ma transaction a ma document angapo ilinawo kuyambira version 4.0 mu 2018. Koma data yanuyi achemwali ndi yolumikizanalumikizana, membala mmodzi atha kukhala m'magulu awiri, ngongole ili ndi woikira umboni amenenso ndi membala, ndiye ma foreign key, olumikiza table ina ndi inzake, akuthandizani kwambiri. SQLite pa foni, PostgreSQL pa seva. Zoti SQL ndi zachikale musazimvere, DHIS2, system ya data imene unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito kuno kwathu imakhala pa PostgreSQL, ndipo app yake ya Android imalola kulemba opanda intaneti n'kutumiza pambuyo. Mukafuna kuona njira ina yochitira sync onani CouchDB ndi PouchDB, izo zimasunga ma version onse awiri pakakhala conflict kuti inu musankhe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri akuluakulu, za kuchotsa balance zanditsegula mutu ndithu. Koma nanga pobwereketsa? Mthumba muli K100,000, mlembi wavomereza ngongole ya K80,000 pa foni yake, msungichuma naye wavomereza K60,000 kwa munthu wina, onse opanda netiweki. Apa kuphatikiza mizere sikuthandiza eti, thumba lilowa mu negative.

Yankho loyamba, kachiwiri:
Eya, apa ndiye wafika pa CAP yeniyeni ija, imene Eric Brewer anaitchula mu 2000, Gilbert ndi Lynch n'kuitsimikiza mu 2002. Netiweki ikaduka uyenera kusankha, kulola aliyense alembe kapena kuonetsetsa kuti onse akuona zofanana, zonse ziwiri sizitheka. Koma sukuyenera kusankha kamodzi pa app yonse. Ndalama zolowa, masheya, kubweza, chindapusa, foni iliyonse ilandire nthawi ina iliyonse. Ndalama zotuluka zikhale ndi mwini mmodzi, foni imodzi yokha pa gulu ndiyo ivomereze ngongole. Ndipotu amayi aja amachita kale choncho, ngongole imaperekedwa pa msonkhano onse akuona, ndipo m'magulu ambiri bokosi limakhala ndi maloko atatu makiyi ali ndi anthu osiyana. Usayambe za Raft kapena two-phase commit, njira zoti makina angapo azigwirizana, pa pulojekiti ngati iyi, zimenezo zimafuna makina amene akulankhulana nthawi zambiri, mafoni ako sali choncho. Lemba chisankho chimenechi ndi zifukwa zake mu report, ndipo tsiku la presentation ubwere ndi mafoni awiri, uwaike pa flight mode, ulembe K10,000 pa ina K5,000 pa inayo, kenako uyatse data aone K35,000 ikutuluka. Schema ukaikonza uiponye pompano tiionenso, makamaka table ya ngongole ndi ya kubweza.