Kodi mawu oti "mwanabere" anachokera kuti?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana wanga anapunthwa chala chakuphazi, chilonda chinachita mafinya, kenaka m'mphechepeche munatuluka kachotupa kolimba, kopweteka akamayenda. Apongozi atangokhudza anati, "Ameneyu ndi mwanabere, samalani chilondacho, iye aphwa yekha." Anaphwadi. Koma dzinali landikhala pamtima. Mwana wa bere bwanji, pomwe chinthucho chili kutali ndi bere? Kapena pali mwambi umene unabala mawuwa?

Mayi wa ku Ntcheu: Mwambi sindinaumvepo bambo. Ine ndimaona ngati makolo ankangonena maonekedwe ake, kabere kakang'ono kotulukira pomwe sipayenera. Pajatu amatulukanso m'khwapa, pafupi ndi bere lenilenilo. Agogo anga ankatenthetsa mthiko pamoto n'kumatithowa nawo pamenepo, ife tikulira.

Namwino wopuma: Zikomo mayi, kuthowako kumachepetsa ululu, koma chomuphwetsa ndi kupola kwa chilonda. Anthu ambiri amayesa kuti mwanabere amabadwa tsiku lomwe watupalo. Ayi, tonse tili nawo mazanamazana chibadwire, tangokhala tating'ono tosamveka pokhudza. Kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli timitsempha tina topyapyala tonyamula madzi oyera, onga aja amatuluka thuza likaphulika. Madziwa amadontha kuchokera m'magazi, amatsuka minofu, kenaka amabwerera m'magazi cha m'munsi mwa khosi. Panjira amadutsa mwa anabere, momwe muli asilikali a m'thupi okola tizilombo. Nkhondo ikakula, mwanabere amatupa. N'chifukwa chake chilonda cha kuphazi chimadzutsa wa m'mphechepeche, cha padzanja wa m'khwapa, zilonda zapakhosi kapena dzino lobooka wa pansi pa chibwano.

Wofunsa: Ndiye kuti ali m'malo atatu okhawo amene timawagwira?

Namwino wopuma: Alipo ambiri osagwirika. Ena ali m'mimba, ena m'kati mwa chifuwa, makamaka pomwe njira ya mpweya yochokera kukholingo imagawikana pawiri kulowa m'mapapo. Fumbi, utsi wa nkhuni ndi tizilombo tomwe tapumira m'mapapo, zina zimakathera mwa anabere amenewo. Apa ndipo ndikufuna mumvetse, chifukwa ndinaona anthu akuchedwa kunyumba ndi mawu akuti "aphwa yekha". Chifuwa chachikulu sichigwira mapapo okha, chimatupitsanso anabere a m'khosi, ndipo otere nthawi zambiri sapweteka. Akatha masabata angapo osaphwa, akamakulirakulira, munthu n'kumaonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutsokomola, pitani kuchipatala akapime. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa miyezi 6. Nthawi zina mwanabere wouma gwa wosapweteka amakhala chizindikiro cha khansa kapena HIV.

Mphunzitsi wa ku Dowa: Ine chondisangalatsa n'chakuti apongozi anu anadziwa kulumikiza chala ndi mphechepeche, malo otalikirana chotero, osaonapo timitsempha timeneti. Koma pa dzinali sindikhutira ndi za maonekedwe zokha. M'Chichewa "mwana" timamutchulanso pa chinthu chaching'ono chotsamira pa chachikulu, monga mwanamphero pa mphero. Mwina bere lake ndi lina lomwe tinaliiwala.

Wofunsa: Aphunzitsi, mwandiwonjezera ludzu. Abale a ku Chipata ndi ku Tete, kwanuko mumamutchulanso mwanabere, kapena muli ndi dzina lina? Amene muli ndi agogo pafupi, tawafunsaniko madzulo ano.