Ndege ya Cessna 172 ya 1965 ija ndagula

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati ndingagule Cessna 172 ya 1965 pongokhulupirira mawu a mwini wake. Ndinatsatira malangizo anu oti ndipeze makaniko wangawanga, osati amene amaikonza masiku onse.

Mkuluyo anayamba ndi ma logbook (mabuku olembamo mbiri ya kakonzedwe ka ndegeyo), kuona ngati ma AD (malamulo a akuluakulu oyang'anira za ndege onena zoyenera kuunika kapena kukonza) onse anatsatidwa. Kenako analowetsa borescope (kakamera kojambula mkati mwa injini osaiphwasula) m'masilinda a injini ya Continental O-300 ija. Awiri anapezeka ndi dzimbiri, poti ndegeyi inakhalitsa osauluka. Chonsecho kunja penti ili waliwali! M'mapiko munalibe vuto.

Mwini wake ataona zithunzizo anatsitsa mtengo, tinamvana. Inu amene mukufuna kugula, lemberanani kaye kuti makaniko akapeza vuto lalikulu, dipoziti yanu ibwezedwe yonse.