Lathe ija ndinkafunsa yafika m'galaja

Abale anzanga, mwezi watha ndinafunsa ngati lathe (makina osemera zitsulo pozizunguza) yakale ya mtundu wa Colchester yomwe ndinaiona ku Wadeville ingagwire ntchito pa magetsi a m'nyumba kuno ku Rosettenville, mu Johannesburg. Ndinaigula ndithu.

Kuinyamula ndiye inali nkhondo. Chimakina chimenechi chimapitirira tani imodzi, ndipo kulemera kwake kuli kumtunda, moti chikangopendekeka chimagwa. Lole ya kireni inachitsitsa pageti, kenako ine ndi alamu anga tinachigubuduza pa mapaipi achitsulo mpaka m'galaja. Msana ukundiwawabe mpaka lero.

Za magetsi, achimwene amene munati ndigule VFD, kachipangizo kosintha magetsi opita ku mota, munalondola. Imalandira 230V ya single phase, omwe ndi magetsi a m'nyumba, n'kutulutsa three phase yomwe mota ya lathe imafuna, koma ya 230V yomweyo, osati 400V. Choncho tinasintha kalumikizidwe ka mawaya a mota kuchoka pa star (ka 400V) kupita pa delta (ka 230V). Mwamwayi kachitsulo kolembedwa pambali pa motayo kanasonyeza kuti imalola zimenezi.

Mafuta a m'giyabokosi anali ngati phala lakuda. Ndinatsuka ndi palafini n'kuthira atsopano. Chondidetsa nkhawa ndi bedi, chitsulo chachitali chomwe mpeni wosemera umayendapo: linadyeka pafupi ndi chuck, chomwe chimagwira chitsulo chosemedwa, ndiye shafti yaitali ikutuluka yonenepa mbali imodzi. Loweruka ndiyamba ndaikhazika bwino latheyi pasimenti kuti isapotoke, kenako ndiyesenso.