Ndalama za gulu: majezi a timu kapena maphunziro a makochi ndi a geni?

Wapampando: Mwaswera bwanji abale nonse a ku Mchengautuwa, amuno mu Mzuzu ndi akunja komwe. Nkhani ya ndalama tinasonkha chaka chino ija tiimalize sabata ino. Ena akuti tigule majezi ndi nsapato za timu ya anyamata athu, ena akuti tichite maphunziro a masiku awiri, makochi pamodzi ndi anthu a geni, pa nkhani ya kapangidwe ka ziganizo. Lankhulani momasuka.

Malume a ku Joni: A tcheya ine majezi basi. Ana aja akumabwerekana nsapato pa hafu taimu, ndinaona ndekha pa vidiyo munatumiza ija mtima unandiwawa. Nzeru zopangira chiganizo munthu amabadwa nazo, sizophunzira mkalasi ayi

Kochi wa anyamata: Malume ndakumvani ndipo nsapato zikufunikadi. Koma ndiloleni ndinene zomwe zinandichitikira chaka chatha. Tinali ndi gemu mvula itagwa usiku onse, mukudziwa mvula ya kuno mpaka Epulo sikata, bwalo linali matope okhaokha. Sitiraika wathu anagwa molakwika, atadzuka ndinaona kuti akutsimphina, akugwira bondo. Mtima umandiuza mutulutse, koma masapota kumbuyo kwanga akukuwa musiyeni achinya ameneyo, ine ndinamusiya. Anachinyadi, tinawina 1-0, anthu anandinyamula mmwamba. Mwana uja anakhala miyezi osaponda mpira, kusukulu amapita pa kabaza ndipo mayi ake mpaka lero ndikakumana nawo ndimasowa poyang'ana. Tinawina koma chiganizo changa chinali choipa, ndipo palibe anandiuza chifukwa aliyense amaona zigoli basi. Chimenechi ndiye ndikufuna kuphunzira

Malume a ku Joni: Pepani kochi, iyi sindimaidziwa.

Mayi a kaunjika: Akochi mwandikumbutsa zanga. Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ine ndinali ndi katundu wambiri pa benchi. Makasitomala anabwera ngati njuchi poti ine sindinakweze, masiku atatu zonse phyaa ndipo ndinagona ndikusangalala kuti geni yayenda. Kupita kokaoda belo lina ndalama osakwana. Ndimawerengera phindu pa mtengo ndinaodera kale m'malo mwa mtengo ndikaodere mawa, mpamba unathera pompo ndinachita kukatenga ngongole ku banki mkhonde kuti ndiyambirenso. Anzanga opita ku Tunduma ndi ku Kyela kudzera pa Songwe ambiri anagwanso chimodzimodzi. Ndiye malume musati sizophunzira, munthu mmodzi akanandikhazika pansi mphindi khumi zokha sindikanalira

Msungichuma: Ine vuto langa lili pena. Ma wekishopu timawadziwa, anthu amabwerera alawansi ndi fanta, kujambulitsa ndi satifiketi kenako ziii. Majezi bola timawaona ndi maso. Ndalama izi anthu asonkha movutikira pa Mpamba ndi Airtel Money, ndikadzafunsidwa ndidzaloza chani?

Aphunzitsi a ku Chiputula: Funso labwino achimwene. Ine ndikuona kuti tisachite zongomvera munthu akulankhula kutsogolo ayi. Aliyense abwere ndi kope komanso chiganizo chimodzi chomwe chinamupweteka, ngati anenera akochi ndi mayiwa. Tichiunike limodzi, unkadziwa chani nthawi imeneyo, njira zina zinali ziti, anakukakamiza ndani, unali ndi mantha kapena dyera. Kenako tizolowere kulemba tisanachite. Kochi gemu isanayambe alembe kuti mwana akagwira bondo kapena akagunda mutu akutuluka, kaya tikuwina kaya tikuluza, ndiye masapota akamakuwa iye chiganizo anapanga kale mtima uli mmalo. Wa geni naye alembe kuti ngongole kwa kasitomala imalekeza apa, ndalama ya mpamba siilowa mu ndiwo, ndipo asanaike mtengo ayambe wafunsa kooda. Pakatha mwezi tikumanenso makope ali mmanja tione zinayenda bwanji

Mnyamata wa kabaza: Aphunzitsi koma mu gemu nthawi yotsegula kope ilipo? zinthu zimachitika mwachangu

Aphunzitsi a ku Chiputula: Kope ndi la kunyumba mwana wanga, m'bwalo umalowa ndi maso ozolowera. Ukukumbuka Flames ndi Morocco ku AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022? Gabadinho Mhango anadzutsa mutu, anaona goloboyi Bounou watuluka pang'ono, anamenya ali kutali kwambiri gemu itangoyamba kumene. Anayamba waona kenako mwendo. Tinaluza 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi anabweza, koma kuluza kuja sikusintha kuti mnyamata anawerenga bwino. Zoterezi zimabwera ngati ku tirening'i kochi amafunsa ana kuti waona chani usanapatsire, osati kumangowakalipira

Kochi wa anyamata: Eya. Ndipo panopa malamulo amalola kusintha osewera asanu, mwayi katatu mkati mwa gemu osawerengera hafu taimu, ndiye mpata wosintha wachuluka komanso mpata wolakwitsa wachuluka. Ine ndilibe pepala lililonse la ukochi. FAM imachititsa maphunziro a CAF D, gulu litandithandiza ndikhoza kupita ndidzagawire anzanga a matimu a ku Zolozolo ndi Chibavi.

Msungichuma: Chabwino ndifewe pang'ono, koma ndi mfundo zanga. Alawansi ayi, tipemphe kalasi kusukulu kapena holo ya kutchalitchi, aliyense adye kwawo. Yotsala tisungire kochi ya CAF D, tikafunse kaye mtengo wake ku ofesi ya mpira ya chigawo chino tisanalonjeze

Malume a ku Joni: Ine pa nsapato sindikusuntha abale, mwana wopanda nsapato pa matope aja avulalanso ngakhale kochi akhale ndi makope khumi. Koma ndavomera zichitike zonse, majezi adikire. Nsapato ndiyamba ine ndi mapeya ochepa pakutha pa mwezi, amene muli kunja kuno ndi ku Lilongwe tithandizane. Akochi nditumizireni masaizi ku inbox

Mayi a kaunjika: Nsapato za mpira zimapezekanso m'mabelo malume, zolimba bwino, ndikaona kumsika mawa ndikuuzani mitengo musanagule kumeneko

Wapampando: Zikomo nonse. Amene simunalankhule muli ndi mpaka Lachisanu madzulo, lembani 1 ngati mukugwirizana ndi maphunziro opanda alawansi, 2 ngati mukufuna majezi kaye. Aphunzitsi mutifunsireko za kalasi ija, ndipo akochi Loweruka mundiperekeze tikamuone mwana uja ndi mayi ake.