Ndithandizeni: nditsanzire mitu ya sitima zamagetsi ya nthawi iti?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ku Bangula kuno, ndipo ndikumanga kanjanji kachidole pathabwa m'nyumba, pa sikelo ya HO, ya 1:87, kutanthauza kuti chidolecho chimachepa maulendo 87 poyerekeza ndi chenichenicho. Chandiimitsa ndi kusankha nthawi yoti nditsanzire. Njanji ya kwathu kuno sinakhalepo ndi mawaya a magetsi, ndiye maso ndaponya ku South Africa, poti kutambalala kwa njanji yawo n'chimodzimodzi ndi yathu, mamilimita 1,067.

Mtima uli pawiri. Mitu ya sitima ya mtundu wa Class 1E, yomwe inayamba ntchito ku Natal mu 1925, imandikoka ndi maonekedwe ake achikale, koma idzafuna mabogi ndi siteshoni za nthawi imeneyo, zonse zosema ndekha. Class 6E1 ya mu 1969 inapangidwa yambirimbiri, zithunzi zake sizisowa, kungoti siindisangalatsa kwenikweni.

Ndayenda m'masitolo a zidole ku Blantyre, osapeza kanthu. Alamu anga a ku Johannesburg anangopeza mitu ya ku Ulaya yoyenda pa njanji ya mamilimita 16.5, pomwe ine ndikufuna ya mamilimita 12, yomwe pa sikelo imeneyi imaimira njanji ya mamilimita 1,067.

Inu mukanayambira iti? Nanga mawaya am'mwambawo mumakungira chiyani kuti asalendewere ndi kutentha kwa kuchigwa kuno?