Kasitomala akuti filimu ya 1996 ikuoneka ngati sewero pa TV yatsopano

A Phiri: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru ndisanabwerere kwa kasitomala mawa. Sabata yatha ndinamuikira TV ya 4K ya mainchesi 65, puleya ya 4K Blu-ray ndi soundbar (sipika yaitali ya TV). Zonse zinayaka bwinobwino, ndinawasiya bambowo akumwetulira. Dzulo usiku andiimbira mtima uli m'mwamba. Anagula chimbale cha 4K cha Independence Day, ija ya 1996 ya zolengedwa za m'mlengalenga zodzaphwasula mizinda, imene akuti anaionera koyamba pa tepi ya VHS ali mnyamata. Akuti ikuoneka ngati sewero lojambulidwa ndi kamera ya m'manja. Chombo chija chikamaphimba mzinda chikukhala ngati choseweretsa ana, nkhope za anthu zasalala ngati kandulo, ndipo m'malo amdima mukuyenda timadontho ngati nyerere. Akufuna kubweza TV. Ine ndikudziwa kuti TV ilibe vuto, koma sindingakafike pakhomo pawo n'kungonena kuti ili bwino.

A Banda: Achimwene, chithunzi munachisiya pa mode iti?

A Phiri: Pa Standard, mmene inatulukira m'katoni. Ndinangoyesera ndi mpira, unkaoneka bwino kwambiri.

A Mwale: Yambani mwasintha waya wa HDMI. Ena amalembedwa 4K pa phukusi pokha.

Mayi Nyirenda: A Mwale, waya ukavuta chithunzi chimadukaduka, kuthwanima kapena kuzimiratu. Susalalitsa nkhope ya munthu. Vuto la a Phiri lili mu menyu. Filimu imeneyi inajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, monga pafupifupi mafilimu onse a ku sinema. TV yamasiku ano imasintha chithunzi ka 60 kapena ka 120 pa sekondi, ndiye ikasiyidwa yokha imapeka zithunzi zake n'kuzilowetsa pakati pa zenizenizo kuti kuyenda kusalale. Pa mpira zimathandiza, n'chifukwa chake inu munaona zili bwino. Pa filimu zimachotsa kachimbuuzi kochepa (blur) kamene kamera imasiya chinthu chikamayenda, ndipo diso limaona msanga kuti awa ndi anthu ovala zovala za sewero ataima pamalo okonzedwa. Dzina la chopeka zithunzichi mu menyu limasiyana: a Samsung amati Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, a LG TruMotion, a Sony Motionflow. Kazimitseni chimenecho musanakhudze china chilichonse.

A Banda: Mayi akunena zoona, ndipo filimu imeneyi ndiyo imavulala kwambiri. Anthu amayesa kuti zonse zija n'za pakompyuta, koma zambiri zinapangidwa ndi manja. White House, nyumba ya pulezidenti wa America, imene imaphulika ija inali kanyumba kachitsanzo, kochepa ka 12 poyerekeza ndi yeniyeni. Moto wothamanga m'misewu anaujambula ataimika timisewu tachitsanzo chilili, kamera ili pamwamba, kuti moto ukamakwera uoneke ngati ukubwera kwa woonera. Ankajambula ndi makamera othamanga kwambiri kenako n'kuchepetsa liwiro, kuti kanthu kakang'ono kaoneke kolemera. Ntchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Oscar mu 1997. Luso lonselo linayezedwa pa zithunzi 24. TV ikawonjezerapo zake, kulemera kuja kumachoka, n'kutsala chidole chimene bambowo akudandaula nacho. Maso awo sakunama ayi.

A Phiri: Apo ndamva. Nanga timadontho tija? Ndi timene akutchula kawirikawiri.

Mayi Nyirenda: Timeneto n'ta filimu yeniyeniyo. Inajambulidwa pa filimu ya 35mm, ndipo filimu yotero imakhala ndi timchenga take mwachibadwa, makamaka pamene kuwala kunali kochepa. VHS inalibe mphamvu yotionetsa, n'chifukwa chake bambowo sakutikumbukira. Chimbale cha 4K chimationetsa. Tsono taonani zimene TV ikuchita: noise reduction, yochotsa timadontho pa chithunzi, ikupukuta timchengato n'kupukutira kumodzi makwinya ndi ndevu, ndiye nkhope za kandulo zija. Kenako sharpness ikubwera n'kunola totsalato mpaka tikuoneka ngati nyerere. Zimitsani noise reduction zonse ziwiri, wamba ndi ya MPEG. Sharpness tsitsani, koma chenjerani, pa ma TV ena ziro ndiye posawonjezera kanthu, pa ena ndi pakatikati. Imitsani filimu pa nkhope ya munthu, muzitsitsa mpaka kamzere koyera ka m'mphepete mwa tsaya kachoke.

A Gondwe: Njira yachidule, onani ngati ili ndi Filmmaker Mode. Inakhazikitsidwa ndi a UHD Alliance, bungwe la opanga ma TV ndi mafilimu, mu 2019 pa nkhani yomweyi. Imazimitsa zonse zatchulidwazi nthawi imodzi, n'kubwezera mtundu woyera pa D65, muyezo umene okonza mafilimu amatsata. Ikapanda, sankhani Cinema kapena Movie. Muwauziretu kuti poyamba chithunzi chioneka chachikasu, chifukwa diso lazolowera chobiriwira ngati thambo cha Standard. Pakatha mphindi khumi amaiwala. Chinanso, onani ngati doko la HDMI la puleya mwalitsegulira HDR, imene imaonetsa kuwala ndi mdima mozama, chifukwa ambiri amabwera chotseka. Ndipo mizere yakuda pamwamba ndi pansi asaichotse ndi zoom. Filimuyo ndi yotambalala, 2.39:1, akaikoka adula mbali zonse ziwiri za chithunzi.

A Mwale: Za waya ndavomera. Koma pano ndikusiyana nanu pang'ono. Ife timakonda kukafika n'kuzimitsa zonse ngati ife ndiye tizionera. Ndinachitapo zimenezi kwa mayi wina, mawa lake anandiitananso kuti kamera ikamayenda chammbali chithunzi chikunjenjemera mpaka mutu kuwawa. Ndipo sankanama. Pa sikirini yaikulu yoyankha msanga, zithunzi 24 zimadumphadumpha poyera, makamaka munthu akakhala pafupi. TV ndi yawo. Awonetseni zonse ziwiri asankhe okha.

Mayi Nyirenda: Pamenepo sindikutsutsani, akulu. Ma TV ambiri ali ndi Custom yolekanitsa judder (kunjenjemera kuja) ndi blur. Judder ikaikidwa pa 1 kapena 2, kunjenjemera kumachepa koma filimu imakhalabe filimu. Choyamba aonetsetse kuti puleya ikutulutsa 24p, kutanthauza zithunzi 24 pa sekondi, osati 60, chifukwa kusandutsa 24 kukhala 60 kumabwereza chithunzi china katatu china kawiri, ndipo kudumpha kwina kumachokera pamenepo.

A Phiri: Ndaiwala chimodzi. Akutinso mawu a anthu sakumveka, koma kukaphulika nyumba yonse imagwedezeka, ana mpaka kudzuka.

A Gondwe: Phokoso lake analikonzera holo ya sinema, kumene kunong'ona ndi kuphulika zimatalikirana kwambiri. Pa soundbar yatsani night mode kapena dialogue, mutsitse subwoofer pang'ono. Ngati soundbar ili ndi doko la HDMI lolowera lodutsitsa 4K HDR, lumikizani puleya pamenepo mwachindunji. Zimbale zambiri zimabwera ndi mawu a mtundu wa DTS, ndipo si TV iliyonse imawadutsitsa pa ARC, njira yotumizira mawu kuchoka pa TV kupita ku soundbar.

A Phiri: Ndabwerako, akuluakulu. Sindinayambe ndi kufotokoza. Ndinaika pamene mthunzi wa chombo ukukwawa pamwamba pa mzinda, tinaonera mmene zinalili, kenako ndinasintha kupita pa Filmmaker Mode n'kubwezera pomwepo. Bambowo anakhala chete, anaweramira kutsogolo zigongono pa mawondo, kenako anati, "Eya, ndi imeneyi." Za timchenga tinakambirana kwakanthawi. Ndinawaimitsira pa nkhope ya Bill Pullman, amene amasewera pulezidenti mu filimuyo, noise reduction yoyaka kenako yozima, anaona okha ulusi wa jekete ukubwerera. A Mwale munalosera, pofika pa ndege zankhondo za mu filimuyo anadandaula za kunjenjemera, ndiye judder ndaisiya pa 2. Puleya inalidi pa 60, ndaiika pa 24p, ndipo tsopano ikudutsira pa soundbar. Chatsala n'chakuti masana HDR ikuoneka yakuda chifukwa zenera lili moyang'anizana ndi TV. Ndawakonzera mode yachiwiri yowala, ya masana ndi mpira, ndawalembera pa kapepala batani loti azidina pa rimoti. Akuti Loweruka aika makatani okhuthala, ndipo ndidzapitanso madzulo kukaona ngati kuwala kukufunika kutsitsa.